Yachiwiri Kuchokera Mbali Iti?

Ku Zliten kuno, ukafunsa nyumba ya Abla Ghalia, amuna amangokulozera ndi chibwano, koma akazi amakuperekeza mpaka pakhomo. N'zosadabwitsa. Mayiwa ndi amene amajambula maukwati kumbali ya akazi, uko kumene mafoni amasiyidwa pakhomo la holo, mipango imavulidwa, ndipo mkazi amene mumamuona pamsewu atadzikuta mpaka m'maso amavina ngati alibe mafupa. Diso lololedwa kusunga zimenezo ndi limodzi lokha, la kamera ya Ghalia. Zaka zonse agwira ntchitoyi, palibe mwamuna amene anaonapo ngakhale chigongono cha mkazi wa mnzake kudzera mwa iwo. Ngakhale amuna awo enieni, a Miftah, chipinda cham'mwamba chimene mumakhala makanema amangochidziwira pakatani ya pakhomo.

Dzina loti Abla, limene kuno timaitanira aphunzitsi aakazi, analitenga kusukulu ya atsikana kumene ankaphunzitsa sayansi. Koma matenda awo ofunsafunsa anachita kubadwa nawo. Ali kamtsikana anamasula makina osokera a mayi awo mpaka kasikuluwu komaliza, pofuna kuona kumene ulusi wapansi umachokera. Anaonadi. Kubwezeretsa makinawo n'kumene kunakanika, ndipo madiresi a Idi chaka chimenecho anakasokedwa kwa aneba. Mkwapulo analandira, koma ali mkati molira ankafunsabe kuti nanga ulusi wapamwamba umaukola bwanji unzakewo. Mpaka lero sanasinthe. Ukawauza kuti mutu ukukupweteka, sayamba n'kukupepesa. Amafunsa kuti mbali iti, unayamba usanadye kapena utadya. Enafe timatopa nawo, kunena zoona.

Kamera yoyamba anawabweretsera ndi mchimwene wawo wogwira ntchito m'sitima zapamadzi, chinthu chosenza paphewa ngati thumba la ufa. Ukwati woyamba kujambula unali wa msuweni wawo, ndipo m'kanemamo munatuluka nyali za kudenga ndi mapazi a anthu basi. Koma amayi atamva kuti tepiyo sinakhudzidwe ndi dzanja la mwamuna, mbiri inayenda khomo ndi khomo, mpaka choko anachisiya.

Matepi anatha, kunabwera timakhadi, makanema anachuluka mpaka kusowa poika. Ndi pamene anaitana Usta Nuri, mmisiri wa makompyuta amene shopu yake ili kuseri kwa msika wa ndiwo. Iyeyu anawapangira bokosi lakuda lokhala pansi pa tebulo. Kutsogolo kwake kuli timadirowa tiwiri toyandikana, ndipo m'kadirowa kalikonse muli disiki, chitsulo chimene chimasunga makanemawo.

"Chilichonse mungasungemo chizilembedwa pawiri nthawi imodzi," anatero Usta Nuri tsiku limenelo. "Timati galasi. Disiki ina ikafa, inzake ili ndi zonse."

"Ngati ndi galasi, nkhope yeniyeni ndi iti, chithunzi n'chiti?" anafunsa Ghalia.

"Zonse ndi nkhope, Abla."

"Nanga zikasiyana maganizo, yonama tiidziwa bwanji?"

"Sizisiyana."

"Nanga ina ikafa ndidziwa bwanji, poti inzakeyo izingoyankha ngati kuli bwino?"

"Bokosilo linditumizira uthenga ineyo. Abla, ndili ndi ana kunyumba, ndiloleni ndizipita."

Limenelo linali tsiku lomaliza mwamuna kuponda m'chipindamo, ndipo analoledwa chifukwa m'bokosimo munali musanalowe nkhope ya munthu.

Lamulo lina la pakhomopo n'loti chinthu chimene chinasungapo nkhope za akazi sichituluka chamoyo. Tepi yotha, khadi lothyoka, disiki ya kompyuta yakale, zonse zimathera pa nyundo ya a Miftah. Bambowa chipumireni pantchito yoyendetsa malole a simenti, udindo wawo m'bizinesi ya akazi awo ndi umenewo wokha, ndipo amaunyadira ngati unduna. Ali ndi mwala wake pabwalo, pansi pa mtengo wa mandimu. Dzanja likangotuluka pakatani n'kuwapatsira kanthu, safunsa.

Tsono chilimwe chapitachi kunali ukwati wa Sundus, mwana wa Haja Tibra. Mayi amenewa anataya mwana wamwamuna, Anas, pankhondo ija, ndipo kuchokera pamenepo manja awo sanaonenso hina, utoto wodzikongoletsera pa zikondwerero, pakamwa pawo sipanatulukenso nthungululu. Ku maukwati ankapita kuti asanenedwe, n'kukhala pafupi ndi khomo, n'kuchoka chakudya chisanafike. Sundus anali wamng'ono pamene mchimwene wake ankamwalira, choncho anakula ndi mayi wotero. Zoti mayi ake kale anali munthu wophwanyika ndi phwete ankangozimva kwa azakhali, ngati nkhani za kudziko lina.

Tsiku la ukwatilo, mkwatibwi atalowa kuchipinda chakumbuyo kukavekedwa chovala cholemera chija cha siliva, amayi oimba ng'oma anayamba nyimbo yakalekale ya kumudzi kwa Haja Tibra. Palibe anawaitana. Tinangoona Haja Tibra anyamuka, atenga mpango wa munthu wina, amanga m'chiuno. Holo yonse inati zii, kenako inaphulika. Ambirife tinavina tikulira. Mmene Sundus amatuluka, mayi ake anali atakhala kale pampando wawo wa pakhomo, manja ali pamiyendo, ngati sipanachitike kanthu.

Aliyense anamuuza mtsikanayo, aliyense ndi mchere wake. Atafunsa mwini wake, yankho linali lakuti: "Ndivine ine? Ndimapita kukasamba m'manja, anthu n'kundipanikiza pakati. Akazi a kuno mabodza."

Sundus anakwera masitepe a Ghalia hina isanafufutike n'komwe m'manja mwake.

"Abla, ndiuzeni zoona. Zilimo?"

"Zilimo, mwanawe. Ndinajambula ndi manja angawa."

"Za keke sindikuzifuna, za ineyo sindikuzifuna. Pomwepo pokha."

"Undipatse mpata ndimalize kukonza. Usanapite ku Sabha uona."

Mwamuna wake amagwira ntchito kumeneko, kutali kum'mwera, ndipo katundu anali atayamba kale kumangidwa. Makhadi a kamera anali atafufutidwa n'kujambulira maukwati ena, poti nyengo ya maukwati siidikira munthu, komanso chinthu chosungidwa pawiri ndani angachidere nkhawa? Choncho kuvina kwa Haja Tibra, padziko lonse lapansi, kunali m'bokosi lakuda lija basi.

M'mawa wina, magetsi atangobwera kumene, bokosilo linayamba kulira mwachilendo: ke, ke, ke, ngati munthu akugogoda dzino ndi chikhadabo. Kanema wa Sundus anatseguka, n'kuyenda pang'ono, n'kuuma. Ghalia anagwada n'kutsamiritsa khutu pabokosi. Ngakhale zinali zoopsa, mbali ina ya mutu wawo inkasangalala ndi funso: m'chinthu chotsekedwa chotere, chikugogoda n'chiyani, ndipo chikugogoda pati? Anaimbira Usta Nuri.

"Bweretsani bokosilo kushopu," anatero mmisiriyo.

"Silituluka."

"Ndiye ndibwere ndidzalione."

"Simulowa."

"Abla, dokotala amachiza bwanji wodwala wosamuona?"

"Mukhala pamasitepe. Maso ndi manja ndikhala ine, inu mukhala mutu."

Zinakhaladi choncho. Usta Nuri, munthu wathupi, wa magalasi ochindikala, anadzaza sitepe yomaliza kunja kwa katani, disiki yatsopano ili pamiyendo. A Miftah anakhala sitepe yapansi pake ndi mbaula ya tiyi, kuti anthu asanene kuti mwamuna wachilendo anakwera m'mwamba mwini nyumba palibe. Mkatimo Ghalia anakhala pakompyuta, sikirini ili bii, zilembo zoyera zokhazokha.

Usta ankatchula chilembo chimodzichimodzi, Ghalia n'kumalemba, n'kumawerenga mokweza zimene zatuluka. Ntchito ya kanthawi kochepa inatalika chifukwa mawu alionse ankafuna kudziwa tanthauzo lake.

"Tsopano tiifunsa disiki iliyonse za umoyo wake," anatero Usta.

"Imadziwa? Chitsulo chimadziwa kuti chikudwala?"

"Imawerengera yokha malo ake owonongeka."

"Imasunga pati? Nanga malo osungirawo akawonongeka?"

"Usta, imwani tiyi," anatero a Miftah. "Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, sindinayankhepo funso lomaliza."

"Inu khalani chete, thovu la tiyi wanuyo likumveka kuno kuti palibe," anayankha mawu a mkati mwa katani.

Mayankho anabwera. Disiki yoyamba inati ili bwino, malo owonongeka palibe. Yachiwiri inatulutsa manambala ambirimbiri, ndipo Ghalia atawawerenga, Usta analiza kakhweru.

"Yatha imeneyo. Koma musadandaule, ntchito ya galasi ndi imeneyi. Zimitsani bokosi, musolole yachiwiriyo, muike yatsopanoyi. Yoyamba ikopera zonse mwa yatsopano, masana ano mudya mtima uli m'malo."

Ghalia anazimitsa, anagwada, anayang'ana timadirowa tija. Tinali tofanana ngati mazira, topanda nambala. Anawerenga mmene munthu aliyense woleredwa bwino amawerengera, mmene timalembera chinenero chathu kuno, mmene timaperekera tiyi kwa alendo ndi moni pasiwa: kuyambira kumanja. Yoyamba, yachiwiri. Anasolola yakumanzere. Mayi wofunsa chilichonse uja apa pokha sanafunse, chifukwa panalibe chofunsa. Ndani amafunsa kumene kuwerenga kumayambira?

Anatulutsa dzanja pakatani, litagwira disikiyo. "Gwirani iyi," anatero, kuti alandire yatsopano. Usta anapereka yatsopanoyo uku akuyankha foni ya kasitomala amene ankakalipa za makina ake osindikizira, moti sanaone kuti sitepe yapansi pake yatsala ndi mbaula yokha.

Ghalia analowetsa disiki yatsopano n'kuyatsa bokosi. Ke, ke, ke.

"Usta, ikulirabe."

"Siingalire, ndaitulutsa m'pepala pompano imeneyo."

"Si yatsopanoyi. Ndaika chala, ikugunda ndi inayo."

Usta anafunsa ndi mawu aang'ono: "Abla, mwasolola iti?"

"Yachiwiri."

"Ya mbali iti?"

"Yakumanzere, nanga."

"Yakumanzere ndi yoyamba!"

"Chiyambire liti?"

"Makina amawerenga kuyambira kumanzere! Ndinalumikiza ndekha!"

"Ndiye makinawo analeredwa ndi ndani?"

"Chabwino, chabwino, palibe chaipa. Mwachotsa yamoyo, mwasiya yodwala. Zimitsani muibwezere pamalo pake. Ili kuti?"

Yankho linachokera pabwalo. Go! Go! Go!

Anthu a mumsewu mwathu amalumbira kuti sanaonepo Usta Nuri akuthamanga, koma tsikulo anatsika masitepe awiriawiri, silipasi imodzi n'kutsala m'mwamba. Anawapeza a Miftah atanjuta pansi pa mandimu, akupukuta thukuta, pamwala pali zidutswa zonyezimira.

"Za masiku ano n'zolimba," anatero a Miftah mokondwa, "koma yagonja."

"Haji, mwapha yamoyo!"

"Ine ndimaphwanya zimene ndapatsidwa."

"Ndinati gwirani!" anakuwa Ghalia pazenera lam'mwamba.

"Zaka zonsezi, 'gwirani' amatanthauza chiyani pakhomo pano?"

Ankanena zoona.

Ghalia anabwerera m'chipinda n'kukhala pansi penipeni, pambali pa bokosi. Anachita mantha komanso manyazi. Maukwati akale sankawadetsa nkhawa kwambiri, poti eni ake anatenga kale makanema awo. Koma Sundus anali asanalandire kanthu, ndipo iwo anali atamuuza ndi pakamwa pawo kuti zilimo. Tsopano zonse zinatsala m'disiki imodzi, yomwe inkagogoda ngati ikuwerengera mpweya wake womaliza.

Usta anakweranso akupuma wefuwefu. "Zimitsani msanga, Abla. Kugogoda kulikonse ikudzidya yokha."

Chala chinafika pabatani, koma sichinadine. Ngakhale pamaliro Ghalia amafunsa kuti malemu anadwala chiyani.

"Usta, munati zinthuzi zimasunga mbiri yawo. Bokosili likudziwa kuti disiki ina yamwalira?"

"Likudziwa. Zimitsani."

"Lalemba kuti yamwalira liti?"

"Lero, Abla! Pansi pa mandimu! Tonse tinalipo!"

"Ndikufuna ndione mmene lalembera. Kungoona kokha kupweteka disiki yodwalayo?"

Usta anausa moyo, n'kuvomera kuti mbiriyo siikhala m'madisiki awiriwo, ndiye kuiona sikupweteka kanthu. Anatchula zilembo mokwiya, kuti nkhani ithe. Ghalia anawerenga mzere ndi mzere, akukwera m'mbuyo, mpaka anaima.

"Pano palibe za lero. Pakunena kuti yoyamba inachotsedwa m'galasi mwezi wa Ramadani."

"Ramadani iti?"

"Yapitayi. Ndikukumbuka, ndi tsiku lija magetsi anaphethira mpaka anatiwotchera firiji."

Usta anawauza kuti awerengenso, pang'onopang'ono. Kenako anavula magalasi n'kuyamba kufotokoza ngati munthu wodzilankhulira yekha. Tsiku limenelo magetsi ataphethira, disiki yakumanzere inachedwa kuyankha. Bokosi linaiyesa yakufa n'kusiya kuilembera. Iyo sinafe ayi. Inangokhala m'kadirowa kake, ikuzungulira, yosafunsidwa kanthu, pamene yakumanja inkasenza yokha maukwati onse a chilimwe mpaka kudwala.

"Ndiye inkaoneka yathanzi chifukwa sinkagwira ntchito," anatero Ghalia. "Ngati ena ake."

"Ndamva," anatero a Miftah, amene anali atabwerera pambaula.

"Nanga uthenga munati bokosi likutumizirani uja?"

"Linatumiza," anayankha Usta motsitsa mawu. "Ku adiresi imene ndinasiya kutsegula kalekale. Pamenepo ndilibe pothawira."

Ghalia sanalabadire zopepesazo. Mutu wawo unali kale patsogolo. "Taimani. Ukwati wa Sundus unachitika Ramadani itapita. Ndiye uli mu iti?"

"Mu yodwalayo basi. Yophwanyidwayo sinaumvepo n'komwe."

"Ndikanawerenga ngati makina anuwo?"

"Mukanasolola yodwalayo."

"N'kuipereka kwa ndani?"

Onse awiri, wina mkati mwa katani wina kunja, anatembenukira kumene kunali a Miftah. Bambowo anathira tiyi kuchokera m'mwamba, thovu n'kukwera bwinobwino m'tambula.

"Mwaona?" anatero. "Nyundo yanga siinalakwepo."

Ghalia anaseka mpaka misozi, ndipo sanadziwe ngati inali misozi ya kuseka. Atatha anazimitsa bokosi, chifukwa disiki inali yodwalabe, ndipo kuvina kwa Haja Tibra kunali kusanatulukemo.

Usta anati njira ya masiku onse, yolola galasi kudzikonza lokha, apa siingathandize. Galasi lilibe chisoni: likafika pamalo osawerengeka limaumirira pomwepo, kuivutitsa disiki, kenako n'kusiya ntchito yonse. Panafunika pulogalamu ina yoleza mtima, imene imayamba yatenga zonse zosavuta, malo ovuta n'kumawadumpha, n'kudzawabwerera pamapeto.

"Ngati kukolola azitona," anatero Ghalia. "Kuyamba ndi za m'nthambi zapansi, zakunsonga pambuyo."

"Choncho. Kusiyana kwake n'koti mtengo uwu ukhoza kugwa nthawi iliyonse."

Asanalembe chilembo choyamba, Ghalia anafunsa funso limene anayenera kufunsa m'mawa uja. "Tikukopera kuchokera ku iti kupita ku iti? Musandiuze yoyamba kapena yachiwiri." Anawerenga nambala yaitali yolembedwa pamsana pa disiki iliyonse, Usta n'kuibwereza, a Miftah n'kukhala mboni. Kukopera mozondoka kukanathira disiki yopanda kanthu pamwamba pa yodzaza, ndipo nyundo sikanafunikanso.

Ntchitoyo inatenga masiku. Mdani wamkulu anali magetsi, ndipo apa a Miftah anadziwombola. Anafola pamzere wa mafuta padzuwa, anakhala pambali pa jenereta ngati mlonda, ndipo mwana aliyense woyandikira chingwe ankamuthamangitsa mpaka kumsewu. Ghalia analozetsa fani kubokosi, iwo n'kumapsa ndi kutentha. Maukwati awiri anawatumizira mnzawo wojambula wa ku Khums. Ankakhala n'kumayang'ana manambala akukwera, pena mothamanga, pena kuima nthawi yaitali disiki ikugogoda. Sundus anaimba foni kawiri konse. Ghalia sanamunamize, anamuuza kuti bokosi ladwala, akulimbana nalo, ndipo sakudziwa kuti zitha bwanji.

Pomaliza pulogalamu ija inabwerera kumalo ovuta, inapulumutsako ena, ena anakaniratu. Kenako disiki yodwala inasiya kugogoda, ndipo sinayankhenso.

Usta anabweretsa disiki ina yatsopano, galasi linamangidwanso, zonse ziwiri n'kufanana. Ghalia anapaka kadirowa kakumanja utoto wofiira wa m'zikhadabo, nanena kuti pakhomo pawo mawu oti yoyamba ndi yachiwiri atha, kwatsala yofiira ndi yosapaka. Analamulanso kuti bokosi likadzaona vuto lizilira m'chipinda momwemo, osati kutumiza uthenga kwa munthu wa ana kunyumba. Disiki yakufayo anaipereka kwa a Miftah, amene anafunsa katatu konse ngati "gwirani" ameneyu ndi wophwanya.

Malo okanika aja anali ochepa, omwazikana m'makanema osiyanasiyana. Ambiri anagwera pa zinthu zosadandaulitsa: mbale za chakudya, ana akuthamangitsana. Koma amodzi anagwera m'kanema wa Sundus, ndipo Ghalia atawaonera okha anakhala nthawi yaitali osadziwa ngati anene kuti apulumutsa kapena ataya.

Sundus anabwera tsiku loti mawa lake anyamuka, ndipo anabwera ndi mayi ake. Haja Tibra anakwera masitepe akung'ung'udza za mawondo. "Ndabwera kudzaona bodzalo," anatero, n'kukhala pampando wapafupi ndi khomo.

Ghalia anayatsa. Panaoneka amayi a ng'oma, nyimbo ija n'kuyamba. Kamera inatembenuka mwadzidzidzi, ikugwedera, n'kupeza Haja Tibra ataimirira, akumanga mpango wa eni m'chiuno. Phazi linaponda kamodzi, kawiri. Basi chithunzi chinasweka n'kukhala timabokosi tamitundumitundu, mawu anadukaduka, kenako mdima.

"Pakatipa pandithawa," anatero Ghalia. "Ndi pamene panali kuvina kwenikweni. Ndinakulonjeza zonse, mwanawe, ndakupatsa zotsala. Undikhululukire."

Sanamalize bwino, chithunzi chinabwerera. Nyimbo inali kumapeto. Haja Tibra anali pakati pa bwalo, manja ali m'mwamba, nkhope italunjika kukamera, akuseka kukamwa kuli yasa, mutu utagwera m'mbuyo. Zinatenga kanthawi kopuma katatu kapena kanayi. Kenako anadzigwira pakamwa ndi dzanja, anamasula mpango, nabwerera kumpando wawo.

Sundus anali atagwada kale patsogolo pa sikirini. Zopepesa za Ghalia sanazimve n'komwe. Anapempha kuti aimitse pamene mayi ake akuseka, ndipo anayang'anitsitsa, chala chili pasikirinipo.

"Amayi," anatero osatembenuka, "muli ndi dzino lagolide?"

Linali kumbuyo kwenikweni, m'mwamba, pamalo oti silingaoneke pokhapokha munthu ataseka ndi kamwa lonse.

Lilime la Haja Tibra linayenda m'tsaya, ngati nawonso akufuna kutsimikiza kuti lilipo.

"Anandiikitsa ndi bambo ako," anatero pomaliza. "Ndili ndi pakati pa Anas."

Dzinalo linali lisanatuluke pakamwa pawo pamaso pa anthu kwa zaka zambiri. Sundus analira mosabisa, mapewa akugwedezeka. Ghalia, amene mafunso anali atadzaza kale pakamwa, anawameza onse.

Haja Tibra anadzuka, anakoka mpando wawo kuchoka pakhomo paja, naukhazika pambali pa mwana wawo.

"Abla," anatero, "tabwezani pamenepo."